Funeraria ina ya mu Tete imene inatithandiza kuzindikira mtembo wa alamu ndi zinthu za m'thumba

Abale anga a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi nonse amene mumatsikira ku Tete ndi malonda, ndati ndilembeko za funeraria ina ya mu tawuni, kampani yokonza maliro ndi kugulitsa mabokosi, imene inatigwirira ntchito pa maliro a alamu anga, amuna awo a achemwali. Dzina lake sindilemba pano chifukwa muli zinanso zoti ndidandaule, wofuna kudziwa andipeze pambali ndimulozera. Koma ndinene kaye poyambirira kuti ngati m'bale wanu wasowa pa msewu ndipo mwafika poganiza zokayang'ana ku mochale, anthu amenewa ndi oyenera kuwafikira. Mabokosi awo ndi omwe aja ali paliponse, chimene chandilembetsa ine ndi kaderno, kabuku kolembamo kachikuto cholimba, kamene mayi a mu ofesi mwawo amasunga mu diloo, ndi mmene amakagwiritsira ntchito.

Alamu ankagula kachewere kumtunda nkumakagulitsa ku msika wa Kwachena. Ulendo umenewo anatsika bwinobwino, anagulitsa, anaimba foni madzulo kuti mawa ndikukwera shapa yoyamba, kunena minibasi, basi zii. Zimene zinawachitikira panjira ndi nkhani ya apolisi ndipo sindilowamo. Chimene chilipo nchakuti kunapezeka mtembo wa mwamuna m'tchire pafupi ndi msewu wa N7 kupitirira Moatize, wopanda chikwama, wopanda bilyete, chiphaso cha unzika chija, wopanda foni, ndipo unali mwezi wa October, inu amene mumadziwa dzuwa la ku Tete nthawi imeneyo pamene kutentha kumadutsa madigiri 40 mukumvetsa kuti nkhope inali itapita kale. Ife nthawi yonseyo tikufunafuna kwa achibale, m'mabenchi a pamsika, kwa madalaivala a shapa, osadziwa kuti munthu wathu wagona mu firiji ngati wosadziwika. Mayi wina wogulitsa anyezi pa Kwachena ndi amene anatiuza kuti pitani kwa akuti akuti, galimoto yawo nthawi zina imaitanidwa kukanyamula anthu ofera mumsewu.

Nde chimene ndinachiona choyamba ndi ichi. Titalowa, achemwali akulira kale, ine nkunena kuti tabwera tione ngati muli ndi zithunzi, mayi aja anakana. Anati ayi achimwene, khalani pansi kaye, musanaone chilichonse mundiuze inuyo zimene munthu wanu anavala ndi zimene amayenda nazo. Anatenga pepala loyera nkuyamba kufunsa, ndipo mafunso ake sanali ongoti malaya amtundu wanji basi. Achemwali atati anavala jezi ya Barcelona, mayiwo anati jezi imeneyo mu kalamidade, kaunjika uja, imatuluka tsiku ndi tsiku, pa Kwachena pomwepo anyamata ovala yomweyo ndi ambirimbiri, ndiuzeni chimene jezi yanuyo ili nacho chimene ina ilibe. Achemwali anaganiza nkukumbukira kuti kukhwapa kwamanzere inang'ambika ndipo anasoka okha ndi ulusi wobiriwira chifukwa wofiira unatha. Thalauza, anati anaisokera kathumba kobisika mkati mwa chiuno koikamo ndalama za malonda, kansalu kake kodula ku kapulana yakale yamaluwa achikasu, kunena chitenje, imene chidutswa chake china chikadali kunyumba. Kolona ya m'khosi inaduka kale nkulumikizidwa ndi kawaya ka mkuwa, pomwepo mkanda umodzi palibe. Kiyi wa loko ya kachipinda kosungira mbewu womangirira ku mphira wa chubu cha njinga. Kabuku ka ngongole kolemba ndi pensulo. Mayiwo amangolemba, osasonyeza pankhope kuti izi zikufanana ndi chinachake kapena ayi.

Nthawi imeneyo ine mtima unali pamwamba, ndimafuna tione zithunzi tidziwe chimodzi. Koma tanthauzo lake nlomveka, munthu wachisoni ukamuonetsa kiyi nkumufunsa kuti uyu ndi wanu, amatha kuvomera chifukwa chotopa ndi kufufuza, kapena kukana chifukwa mtima sukufuna kuti zikhale zoona. Ukamufunsa asanaone, zimene wanenazo ndi umboni weniweni. Ndi mmenenso Interpol, bungwe la apolisi a maiko osiyanasiyana, imachitira pa ngozi zikuluzikulu, pali fomu yachikasu yolembapo za munthu wosowa kuchokera kwa abale ake, pali ina ya pinki yolembapo za mtembo, zimalembedwa padera kenako nkufananiza. Mayi amenewa alibe mafomu amitundumitundu, ali ndi kaderno ndi bolopeni, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Pamene panandigwira mtima kwambiri ndi pa jekete. Pomaliza mayiwo anafunsa kuti palibe chobwereka chimene anatenga? Achemwali anati eya, ananyamuka mbandakucha kukuzizira, mukudziwa kumtunda kwathu mmene kumachitira ngakhale kumunsi kukuwotcha, nde anabwereka jekete yakuda kwa a neba. Mayiwo anafunsa dzina la a nebawo, titatchula anakhala chete pang'ono kenako nkutsegula kaderno kaja. Pa tsamba limenelo panali nambala ya mtembo, tsiku, malo, zovala chimodzichimodzi, nde pansi pake analemba kuti m'thumba la mkati la jekete munapezeka khadi ya mlimi wa fodya, yonyowa ndi yofufutika, dzina lowerengeka theka. Dzina lake linali la a neba aja.

Taganizani abale kukanakhala kuti wina wachangu anangotenga khadiyo nkulemba kuti malemu ndi uyu. Uthenga wa maliro ukanapita kwa banja la munthu wamoyo amene ali kudimba kwake, chikalata cha imfa chikanatuluka m'dzina lolakwika, ndipo ife tikanapitiriza kufufuza mpaka lero. Pa tsamba lija pamalo pa dzina panali posalemba kanthu, khadiyo inalembedwa pamodzi ndi kiyi ndi makobidi ngati chinthu chopezeka m'thumba basi. Ndinawafunsa chifukwa chake, anati achimwene kuno anthu amabwerekana chilichonse, jekete, foni, simu khadi yolembetsa m'dzina la mkazi kapena la mwana, wina amanyamulira mnzake khadi ya kuchipatala, chinthu cha m'thumba chimangokulozera mudzi woti ukafunse. Pa ichi chokha ndingawatumizire aliyense.

Ndifotokoze bwino kuti ena asasokonezeke, funeraria si imene imagamula kuti mtembo ndi wa ndani. Zinthu zenizenizo sizinali kwa iwo, zinali kwa apolisi ofufuza milandu a SERNIC, aja tinkawatchula kuti PIC chisanafike chaka cha 2017, m'jumbo yomata yokhala ndi nambala yomweyo imene ili mu kaderno komanso pa mtembo. Chimene a funeraria anachita ndi kutiperekeza, kutenga pepala lija la mayankho athu nkukaliika patsogolo pa wapolisi tisanaonetsedwe kanthu, ndi kutimasulira. Jumbo itatsegulidwa zinatuluka chimodzichimodzi, ulusi wobiriwira kukhwapa, kathumba ka kapulana mkati mwa chiuno kopanda kanthu, kolona ndi kawaya kake, makobidi osakanikirana a metikali ndi a kwacha monga mmene timakhalira ife a m'malire. Kabuku ka ngongole kanali kofufuma ndi chinyezi koma pensulo inali ikuwerengeka, ndipo maina a m'mudzi mwathu anali momwemo kuphatikiza langa. Zikanakhala za inki mwina bwenzi zitasungunuka. Palibe chimene chinachapidwa, fungo linalipo ndithu, ndipo mnyamata wa a funeraria anatichenjeza tisanalowe nkutipatsa zotseka pamphuno.

Ngakhale zinthu zonsezo zinafanana, sanatilole kunyamula thupi tsiku lomwelo. Adokotala anafunsa za m'thupi, ngati anathyokapo fupa, dzino limene linazulidwa, mphini, chipsera. Alamu anagwapo pa njinga ali mnyamata nkuthyoka fupa la paphewa ndipo linapola mokhota, aliyense wa kwawo amadziwa, komanso dzino lakutsogolo lam'munsi linali lobenthuka. Zinapezeka momwemo. Kenako mayi a funeraria anatilangiza kuti tipemphe apolisi kuti kiyi uja akayesedwe pa loko kumudzi pamaso pa a mfumu ndi mwini mbumba wa kuchimuna, osati ife tokha a kuchikazi. Loko inatseguka. Uphungu umenewu unatipulumutsa ku mapokoso ambiri ndipo ndibwereranso pa zimenezi.

Ena amene amaonera mafilimu andifunsa kuti bwanji osangoyeza DNA. Ndi zoona kuti njira zimene akatswiri amazidalira kwambiri ndi zitatu, zidindo za zala, mano ndi DNA, ndipo zovala ndi katundu zimawerengedwa ngati zothandizira chabe. Koma tiyeni tione za kwathu kuno. Zala zathu zinadindidwa popangitsa bilyete inde, koma khungu la m'zala silikhalitsa padzuwa ngati limeneli kapena m'madzi a Zambezi. Mano amathandiza pamene pali dokotala amene anasunga chithunzi cha m'kamwa mwako uli moyo, ife dzino likawawa timakangozulitsa nkubwerako, palibe chosungidwa. DNA imafuna labotale, ndalama, magazi kapena malovu a mayi kapena mwana wofananiza naye, ndi nthawi, ndipo kuti uyeze m'bale uyenera kuyamba wadziwa kuti m'bale wake angakhale ndani. Ndiye kwa munthu wamba wa ku Domué kapena ku Furancungo, ulusi wa kukhwapa ndi kiyi wa pa mphira ndi zimene zimayambitsa zonse, zikatayika kapena kusakanizidwa ndi za wina njira yatsekeka.

Ndipo ife a chigawo cha Tete vuto limeneli talionapo ndi maso. Pa 17 November 2016 thanki ya mafuta imene inkachokera ku Beira kupita ku Malawi inaphulika ku Caphiridzange m'boma la Moatize, anthu oposa 70 anafa ndipo ena anatsirizikira m'chipatala masiku otsatira, ambiri atapsa moti nkhope sizikanathandiza aliyense. Mu March 2020 pa sikelo ya magalimoto ya ku Mussacama, pamphambano pomwe timakhotera popita kwathu ku Ulongué, anatsegula kontena nkupezamo anthu 64 ochokera ku Ethiopia atafa chifukwa chosowa mpweya, amoyo 14 okha. Anthu amenewo anaikidwa kuno kutali ndi kwawo, ndipo ndikadutsa pamenepo ndimaganiza za amayi awo amene anawasokeranso tinthu m'zovala ngati mmene achemwali anachitira. Mu January 2022 namondwe Ana anadzaza Revúbuè mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize kuduka, madzi anatenga anthu, ngakhale bwanamkubwa wa boma la Tete a José Maria Mandere anafera m'madzi omwewo. Msewu wathuwu ndi wa aliyense, wochokera ku Zóbuè ndi Calómuè kupita ku Cuchamano kulowera Zimbabwe ndi Joni, ambiri oyenda opanda mapepala, nde mitembo yosadziwika siidzatha. Red Cross pamodzi ndi WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, anatulutsa buku mu 2006 lolangiza anthu oyamba kufika pa ngozi, ndipo zimene limanena ndi zophweka, mtembo uliwonse upatsidwe nambala yakeyake, ujambulidwe msanga usanasinthe, katundu wake alembedwe ndi nambala yomweyo, ndipo ukaikidwa m'manda malo ake adziwike kuti abale akadzabwera adzathe kuupeza. Zimenezi sizifuna makina odula, zimafuna munthu wosamala, ndipo ndinamupeza mu ofesi yaing'ono ija.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo ndipo zina zinandipweteka.

Choyamba ndi zithunzi. Zimene anajambula tsiku lonyamula mtembo zili mu foni ya m'manja ya mnyamata wawo woyendetsa galimoto, foni yomweyo imene amachezera pa WhatsApp ndi kujambulira ana ake. Atafuna kutionetsa chithunzi cha nsapato anayamba kusuntha ndi chala pamaso pa achemwali, nde chinadutsa chithunzi cha thupi lonse mmene linapezekera m'tchire muja. Achemwali anakuwa nkugwa pansi. Mpaka pano tulo sakugona bwino chifukwa cha chithunzi chimenecho, chinthu chimene mayi a mu ofesi anayesetsa tsiku lonse kuti achemwali asachione. Mnyamatayo anapepesa ndipo ndikukhulupirira kuti sanachite dala, koma kampani imene imadziwa kusunga kaderno mwaudongo chonchija iyenera kugula foni kapena kompyuta ya ntchito yokhayokha, zithunzi za katundu padera za thupi padera. Komanso foni imabedwa abale, ndipo tonse tikudziwa mmene zithunzi za anthu akufa zimazungulirira m'magulu. Amenewo ndi abale a anthu.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Mayi aja okha ndi amene amalankhula Chichewa bwino, enawo ndi Chinyungwe ndi Chipwitikizi, ndipo akatuluka mumangomvana theka. Mapepala onse ndi a Chipwitikizi, zimenezo sitingawaimbe mlandu, koma pamene amasainitsa achemwali pepala la mtengo panalibe wowawerengera, anangolozeredwa poti adinde. Ine Chipwitikizi ndimawerenga nde ndinaliona pambuyo pake, koma mayi wa kumudzi amene wabwera yekha angatani?

Ndipo mtengo ndi pamene pali chodandaula chachitatu. Ndalama imene anatchula poyamba inali ya bokosi ndi kukonza thupi. Galimoto yopita kumtunda, ulendo wopitirira makilomita 200, anatchula padera ndipo inaposa bokosi, zimenezo ndinayembekezera. Koma tsiku lonyamuka kunatulukira zina, pulasitiki yapadera yokutira thupi chifukwa cha mmene linalili, mankhwala a fungo, mafuta obwerera galimoto, chakudya cha dalaivala. Chilichonse pachokha nchomveka, koma kuuza munthu m'mawa wonyamula maliro, anthu akudikira kumudzi adzukulu atakumba kale, sibwino, palibe angakane pa nthawi imeneyo. Tinachita kutumizitsa ndalama pa e-Mola, njira yotumizira ndalama pa foni, kwa achibale a ku Lilongwe ndi ku Beira. Bambo wina wa pamenepo ankatikakamizanso bokosi lonyezimira la zogwirira zagolide akuti poti silitsegulidwa likhale looneka bwino, tinakana ndipo anasintha nkhope. Kunena chilungamo ntchito yonse ija yofunsa mafunso, kutiperekeza kwa apolisi ndi kutimasulira sanatilipiritse ngakhale metikali imodzi, ndipo mayiwo ananena poyera kuti tikhoza kukagula bokosi kwina tikafuna. Malo odikirira ndi benchi imodzi panja pamthunzi wochepa, tengani madzi akumwa.

Ulendo wokwera unayenda bwino, galimoto ndi yakale koma yaukhondo, dalaivala anayendetsa mwaulemu ndipo anaima pamene amayi anapempha. Bokosi analimata bwino moti pa siwa anthu anakhala usiku wonse osavutika.

Nde kumudzi ndi kumene ndinamvetsa phindu la uphungu wa kiyi uja. Kwathu mwambo woona nkhope ndi waukulu, ndi pamene aliyense amavomereza mumtima kuti zachitikadi. Apa bokosi linali lotseka, ndipo manong'onong'o anali atayamba kale, ena akuti mwina anathawira ku Joni ndi ndalama za kachewere, ena akuti a kuchikazi angotola mtembo wa mlendo kuti atenge munda ndi ng'ombe. Mayi awo a malemu, agogo okalamba, anakana kulira, anati mwana wanga sindinamuone. Apolisi anali atatibwezera katundu uja atamaliza naye, ndipo mayi a funeraria anatifunsa ngati tikufuna achapidwe, nkutiikira chilichonse m'kajumbo kakekake. Mwini mbumba wa kuchimuna, amalume awo a malemu, anaimirira nkunena kuti ine ndinalipo kiyi uyu akutsegula loko, a mfumu analiponso. A neba anazindikira jekete yawo ndi khadi yawo pamaso pa anthu. Achemwali anatulutsa chidutswa cha kapulana chotsala nkuchiika pambali pa kathumba kaja. Agogo aja anapempha kolona, anaifufuza ndi zala mpaka pa kawaya paja, anati ndinamupatsa ndine tsiku la ukwati wake ku Lifidzi, ndipo ndi pamene anayamba kulira. Kuchoka pamenepo palibe anatsutsanso, ngakhale pa nkhani ya munda sipanakhale phokoso.

Kwa amene muli ndi munthu wosowa, musanapite kulikonse khalani pansi ndi amene amachapa ndi kusoka zovala zake, ndi iyeyo amene amadziwa zambiri kuposa mwini mbumba, mulembe zonse papepala mtima ukadali m'malo. Mufunse a neba ngati anabwereka kanthu. Mutenge chithunzi chimene akuseka mano akuoneka, chidutswa cha nsalu yotsala, loko kapena kiyi wachiwiri, ndipo mukanene kupolisi msanga osadikira kuti mwina abwera, chifukwa mtembo wopanda mwini sukhala mu firiji mpaka kalekale, akhonsolo amakaika ndipo kufukula ndi nkhani ina yovuta ndi yodula. Ndipo inu amene mumapeza munthu wakufa m'njira, chonde musatole kanthu, ngakhale kolona kapena chipewa chimene chagwera patali, musachisunthe mpaka apolisi afike.

Mu kaderno muja ndinaona masamba ena amene pamalo pa dzina pakadali poyera, nde ngati wanu anasowera pakati pa Mussacama ndi tawuni muzaka zapitazi sikulakwa kukafunsa. Mupite m'mawa pamene mayi aja alipo, mukhale ndi wina wowerenga Chipwitikizi, muuze mnyamata wa foni kuti asankhe yekha chithunzi asanakupatseni, ndipo mukafika pa za bokosi muwauze alembe mtengo wonse papepala limodzi, pulasitiki, mankhwala ndi mafuta obwerera zili momwemo, musanapereke ndalama yoyamba.